Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Bilu ya Dokotala Wogonetsa

M'gawo lapitali ndinafotokoza za opaleshoni yochotsa ndulu imene akazi anga anachitidwa mu 2023 kuno ku Indiana. Tsiku la opaleshoni lisanafike ndinali nditafunsa kampani ya inshuwalansi imene timalipira kudzera kuntchito kwanga, ndipo inanditsimikizira kuti chipatalacho ndi dokotala wochita opaleshoni ali pa mndandanda wa amene inagwirizana nawo mitengo. Kuno ku America mndandanda umenewu ndi nkhani yaikulu, chifukwa dokotala amene sali pa mndandanda amalipiritsa mtengo wake, ndipo inshuwalansi imapereka gawo lochepa kapena kukana kumene.

Akazi anga atayamba kupeza bwino, kunabwera bilu yochokera ku gulu la madokotala ogonetsa odwala pa opaleshoni, ndipo ndalama yake inaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Dokotalayo sitinamusankhe ndife. Akazi anga anamuona koyamba atagona kale pa bedi la matayala, atavala mkanjo wa chipatala, botolo la madzi likudontha m'mitsempha. Munthu ali pamenepo sangafunse ngati womugoneka ali pa mndandanda, ndipo ndimaona kuti kumulipiritsa ngati anachita kusankha yekha ndi kupanda chilungamo.

Akazi anga, amene amaopa ngongole kwambiri, anati: "Bambo, tingolipira pang'onopang'ono, tisakangane ndi eni dziko." Ndinawapempha kuti adekhe kaye, ndipo ndinatenga biluyo n'kuiyerekeza ndi kalata imene inshuwalansi imatumiza yofotokoza zimene yalipira, yotchedwa Explanation of Benefits. Pamenepo ndinaona kuti kampaniyo inawerengera dokotala uja ngati wakunja kwa mndandanda.

Chimene chinatipulumutsa ndi lamulo la No Surprises Act, limene linavomerezedwa mu December 2020 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Lamuloli limanena kuti ngati wodwala wachitidwa opaleshoni m'chipatala cha pa mndandanda, madokotala ogonetsa, ojambula ndi oyeza zam'thupi sangamulipiritse zoposa zimene akanalipira kwa dokotala wa pa mndandanda, ndipo saloledwa kumusayinitsa pepala loti wasiya ufulu umenewu. Mkangano wa ndalama yotsalayo ndi wa dokotala ndi kampani, wodwala alibemo mbali.

Pafoni a kampani ya inshuwalansi anandiyankha mozemba, uyu akunditumiza kwa uyo, choncho ndinalemba kalata ya apilo, popeza malamulo amapereka masiku 180 ochitira zimenezi, ndipo kampani iyenera kuyankha pasanathe masiku 60 ngati chithandizo chinaperekedwa kale. Ndinaikamo dzina la lamulolo, tsiku la opaleshoni ndi makope a mapepala onse awiri. Ndinalemberanso ofesi ya madokotala aja kuti asatumize ngongoleyo kwa otolera ngongole nkhani ili mkati. Kampani ya inshuwalansi ikanakana, ndinali wokonzeka kupempha kuti anthu apadera aiunikenso, komanso kukadandaula ku bungwe la boma la CMS, loyang'anira za inshuwalansi ya zaumoyo.

Kampaniyo inavomera, inawerengeranso, ndipo tinalipira gawo lathu lokha. Koma bilu ya ambulansi imene inanyamula akazi anga usiku umene ululu unayamba inatsala momwemo, chifukwa lamulo limeneli limateteza onyamulidwa pa ndege kapena helikopita, osati pa galimoto. Imeneyo tinagwirizana nawo kuti tizilipira mwezi ndi mwezi.