Intaneti inapambana, koma ogula masheya ake analira

Pa phunziro lathu la misika ya masheya tafika pa kugwa kwa makampani a intaneti ku America m'chaka cha 2000, ndipo chimene chandikanirira m'mutu n'chakuti luso latsopano likhoza kugonjetsa dziko lonse, amene anaikamo ndalama n'kutsala manja ali m'khosi.

Mulingo wa mitengo ya masheya pa Nasdaq, msika umene makampani ambiri a makompyuta amagulitsirapo masheya, unafika pachimake pa 10 March 2000 uli pa 5,048. Pofika October 2002 unali pa 1,114, ndiye kuti pa madola 100 alionse panatsala 22 basi. Unadzabwerera pamene unali mu 2015.

Ogulawo sanali openga ayi. Ankati anthu adzagula katundu, kucheza ndi kuonera makanema pa intaneti, ndipo lero si zomwezo? Pets.com inkagulitsa chakudya cha agalu ndi amphaka, inalowa pamsika mu February 2000, pofika November n'kutseka. Masiku ano malonda otero akuyenda bwinobwino. Chinapha Pets.com ndi masamu: thumba lolemera linkatumizidwa mpaka pakhomo pa wogula pamtengo wosabweza n'zolowa zomwe.

Pamene ndakhalitsa ndi pa nkhani ya mawaya. Makampani a zamtokoma a Global Crossing ndi WorldCom anakongola mabiliyoni a madola, nakumba ngalande, nayala mawaya a fibre pamtunda ndi pansi pa nyanja, poganiza kuti ofuna intaneti achuluka mawa lomwe. Sanachuluke msanga choncho, ndipo mawaya ambiri anangogona pansi osadutsamo kanthu. Global Crossing inagwa mu January 2002, WorldCom mu July chaka chomwecho, iyo ataigwiranso ikulemba zabodza m'mabuku ake a zachuma. Eni masheya anatuluka chimanjamanja, koma palibe anafukula waya. Anagulidwa ndi ena pamtengo wotaya, mtengo wotumizira data n'kutsika, moti YouTube pobadwa mu 2005 inapeza njira yolambula kale. Zili ngati munthu wokumba chitsime ndi ndalama ya katapila: ngongole ikamugwetsa, chitsime sachikwirira, mudzi umangotunga.

Cisco yandidabwitsa koposa, chifukwa sinali kampani yongolota. Inkapanga zipangizo zoyendetsera intaneti, inkapeza phindu, ndipo ilipo mpaka lero. Mu March 2000 inakhalako kampani yodula kuposa zonse padziko, sheya imodzi ili pafupifupi madola 80. Wogula tsiku limenelo anadikira zaka zoposa 20 mtengowo osauonanso. Kampani inali yabwino, koma mtengo wolowera unali utameza kale phindu la zaka zambiri zam'tsogolo.

Ambiri amakonda kutonthozana ndi Amazon, imene sheya yake inachoka pa madola oposa 100 kufika pafupifupi 6 mu 2001, kenaka n'kudzakwera modabwitsa. Amati mukanangogwiritsitsa osagulitsa. Ine nkhani imeneyi sindiikhulupirira kwambiri, chifukwa timaikamba titadziwa kale amene anapulumuka. Wogwiritsitsa Webvan, yomwe inkabweretsera anthu zakudya pakhomo n'kugwa mu 2001, analinso ndi mtima wopirira womwewo. Chimodzi mwa zimene zinathandiza Amazon n'chakuti inakongola ndalama zambiri ku Ulaya mu February 2000, kutangotsala mwezi kuti msika uterereke, motero inali ndi podyera pamene anzake ankagogoda pazitseko zotseka. Nzeru kapena mwayi? Ndikuona ngati zonse ziwiri.

Ntchito yotsatira aphunzitsi atiuza kuti aliyense awerenge lipoti la pachaka la kampani imodzi ya pa Malawi Stock Exchange. Ndikusankha pakati pa TNM, imene inalowa pamsikawu mu 2008, ndi Airtel Malawi ya mu 2020. Zoti anthu azigulabe mabando ndi kutumizirana ndalama pafoni sindikutaya nazo nthawi. Ndiyambira pa tsamba la ngongole, makamaka zobweza m'madola, kenaka ndione kuti mtengo wa sheya ukuposa kangati phindu la pachaka la sheya imodzi.