Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa matenda a mayi a kunyumba

Abale ndi alongo, kuno ku Leicester, ku England, ndi kumudzi komwe, ambiri mwakhala mukufunsa kuti mayi a ana anga ali bwanji. Abwerera kuntchito, nsima ikulowa, ndipo Lamlungu lapitali anaimirira mu kwaya mpaka nyimbo yomaliza osamva chizungulire. Ndalemba kuti ndithokoze, komanso kuti nditchule dzina la matendawa, poti manong'onong'o anachuluka.

Akudwala matenda otchedwa Addison's disease. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal gland, kamene kamapanga mahomoni awiri ofunika kwambiri. Cortisol amathandiza thupi kupirira likapanikizika ndi matenda kapena ngozi, pomwe aldosterone amasunga mchere ndi madzi kuti BP isatsike. Kwa akazi anga, chitetezo cha m'thupi mwawo ndicho chinatembenukira tiziwalo timeneti n'kumatiwononga pang'onopang'ono. Si matenda opatsirana, si HIV, ndipo palibe amene anawalodza. Amene munkafunsa mozungulira aja, yankho ndi limenelo.

Zinayamba ndi kutopa. Munthu wodzuka yekha m'mamawa uja anayamba kulephera kukwera masitepe a m'nyumba. Thupi linatha, akaimirira maso ankachita mdima. Kenaka mchere. Ankauthira m'ndiwo mpaka ana kusiya mbale, ndipo tsiku lina ndinawapeza kukhitchini akunyambita mchere pachikhatho. Komwe tinayamba kupita anati ndi kutopa ndi mashifiti a usiku, ulendo wina anati ndi maganizo. Tinabwerako ndi malangizo oti azipumula.

Woyamba kumuthokoza ndi apongozi anga ku Ntcheu. Tikucheza pa vidiyo ya WhatsApp anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, wada bwanji chonchi? Si paja mumati kumeneko dzuwa kulibe?" Tinaseka, koma iwo sanaseke. Amayi, munaona chimene ife okhala nawo nyumba imodzi sitinachione. Kuda kwa khungu ndi chizindikiro chachikulu cha matendawa: cortisol akasowa, kachiwalo ka m'mutu kotchedwa pituitary kamatulutsa homoni ya ACTH yochuluka pofuna kudzutsa ma adrenal, ndipo homoni yomweyo imadetsa khungu. Pa mzungu zimaonekera patali. Pa ife akuda pamafunika munthu wodziwa poyang'ana.

Munthu wotero tinamupeza kuchipatala usiku umene akazi anga anasanza kosalekeza mpaka kuyamba kuyankhula zosamveka, ine n'kuimba 999 kuitana ambulansi. Namwino wina wachikulire, atamva za mchere ndi mawu a apongozi aja, anawatsegula pakamwa n'kuona mawanga akuda m'nkhama, anatambasula dzanja lawo n'kuona mizere ya pachikhatho itadereratu, chipsera cha opaleshoni ya mwana wathu womaliza nachonso chimodzimodzi. Magazi anaonetsa mchere wa sodium wotsika ndi wa potassium wokwera. Dokotala wa usiku umenewo anatenga magazi oti akayeze cortisol, koma sanadikire zotsatira. Anawabaya mamiligalamu 100 a hydrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa cortisol, n'kuika diripi ya madzi amchere. Kutacha anapempha phala. Awiri inu sindikudziwa ngati mudzawerenga izi, koma Mulungu akudalitseni.

Atapezako bwino anawayeza ndi Synacthen test. Amatenga magazi, amabaya mamaikrogalamu 250 a mankhwala ofanana ndi ACTH, pakapita mphindi 30 amatenganso magazi. Kwa munthu wabwinobwino cortisol amakwera, kwa iwo sanasunthe. Poti ndife ochokera ku Malawi, anafufuzanso TB, ndipo sindinakhumudwe nazo. Pamene Thomas Addison wa ku Guy's Hospital ku London ankafotokoza matendawa mu 1855, TB ndiyo inkawayambitsa kwambiri, ndipo m'mayiko amene TB idakali yofala ikuwayambitsabe. Kwa akazi anga TB sinapezeke. Chinapezeka ndi ma antibody, asilikali a chitetezo cha m'thupi, olimbana ndi 21-hydroxylase, chinthu cha m'ma adrenal chothandiza kupanga mahomoni aja, umboni woti thupi likudziukira lokha. Thyroid, kachiwalo ka pakhosi, ndi shuga aziwayeza nthawi ndi nthawi, chifukwa matenda a mtunduwu amakonda kuyendera limodzi.

Tsopano amamwa hydrocortisone katatu patsiku, wochulukirapo akangodzuka, ndi fludrocortisone, wolowa m'malo mwa aldosterone, kamodzi m'mawa. Azimwa moyo wawo wonse. Thupi likatentha amawirikiza kawiri mlingo wa hydrocortisone monga anatiphunzitsira, ndipo akamasanza moti piritsi silikukhala m'mimba, pamafunika jakisoni pompo kenaka ambulansi. M'chikwama mwawo simuchoka Steroid Emergency Card ya NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, khadi lodziwitsa achipatala za mankhwala awo pa ngozi. Mwana wathu wamkulu, amene amathawa akangoona singano, anaphunzira kubaya palalanje mpaka manja analeka kunjenjemera. Mwanawe, wandinyaditsa.

Amayi a mvano, munasinthana kuphika ndi kutenga ana kusukulu popanda wokupemphani. Alamu anga, munagona pampando wa kuchipatala kuti ine ndikagwire ntchito. Anzawo a kuntchito anawagwirira mashifiti osadandaula. Gulu lathu la Amalawi linasonkha ndalama zimene zinatilipirira lendi mwezi umene tinalibe pogwira. Abusa, zikomo pobwera usiku uja ndi jekete pamwamba pa zovala zogonera.

Pempho langa ndi limodzi. Ena mwa chikondi mwatitumizira zitsamba, ena mwati poti achira asiye mapiritsi asonyeze chikhulupiriro. Mapemphero anu tikuwafuna, musaleke, koma mapiritsiwa akulowa m'malo mwa chinthu chimene thupi lawo silipanganso, ndipo kuwasiya kungawaphe. Pa kusala kudya kwa kumpingo musawayembekezere pokhapokha adokotala awo atavomereza. Mukawaona akuthira mchere wambiri m'mbale, asiyeni, achipatala akudziwa.

Amene munatibwereka mapoto ndi mafulasiki, ndizungulira Loweruka masana kubweza. Poto wamkulu wopanda chivundikiro uja sitikudziwa mwini wake, atiimbire.