Mafangasi ndi psoriasis, chimayamba ndi chiti?

Sabata yonseyi ndakakamira pa mutu umodzi wa matenda a khungu, mpaka manotsi anga ang'ambika m'mbali. Ndinkaganiza kuti ndimaliza tsiku limodzi, ayi ndithu.

Psoriasis yokhayo ndinaimva msanga. Si yopatsirana, si chipere, ngakhale anthu ambiri akaona zigamba zija amathawa. Chitetezo cha m'thupi ndi chomwe chimapsa mtima, maselo a khungu amene amayenera kusinthana pakatha pafupifupi mwezi amayamba kuchulukana m'masiku ochepa chabe, ndiye amaunjikana n'kupanga mamba oyera aja pa zigongono, m'mawondo, m'mutu. Kukula kwa matendawa amayeza ndi muyeso wotchedwa PASI, kuyambira 0 mpaka 72, amaona kufiira, kukhuthala, mamba ndi kukula kwa malo ogwidwa.

Pomwe mutu unandizungulira ndi pa mafangasi. Kumene tonsefe tili nawo pakhungu, munthu wabwinobwino amene. Malassezia amakonda malo a mafuta, m'mutu, kumaso, pachifuwa, chifukwa sangathe kupanga mafuta ake, amadya athu, ndipo ndi yemweyu amakhudzidwa ndi nkhani ya mfundu. Candida yekha amakonda ponyowa, m'kamwa, m'khwapa, m'mphechepeche. Ofufuza angapo anapeza kuti anthu a psoriasis amakhala ndi Candida m'kamwa kawirikawiri kuposa ena. Ine nditangowerenga zimenezo ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti "FANGASI NDI AMENE AMAKULITSA", ndinadula ndi mzere pansi kawiri, ndikudzimva ngati katswiri kkkk.

Mawa lake ndinafufuta. Khungu lomwe lang'ambika kale, lili ndi mamba, munthu akulikanda usiku wonse, akupakanso kirimu wa steroid yemwe amafooketsa chitetezo pamalopo, nanga fangasi angalephere bwanji kumanga nyumba pamenepo? Ndiye kupezeka pamodzi sikukutiuza kuti anayamba ndani. Mwina fangasi amaputa khungu n'kudzutsa chigamba, paja psoriasis ili ndi khalidwe loti pomwe pakandika kapena kuvulala pamatha kutuluka chigamba chatsopano, amati Koebner phenomenon. Kapena matendawo ndi amene anamutsegulira chitseko. Ine panopa ndikuona ngati zonse ziwiri zimachitika, zimangodyetsana.

Chomwe chandikoma kwambiri, moti ndinadzuka pampando, ndi IL-17. Kameneka ndi kamthenga ka chitetezo, imodzi mwa ntchito zake zazikulu ndi kutiteteza ku mafangasi ngati Candida, anthu obadwa ndi vuto pa njira ya IL-17 amadwala Candida mobwerezabwereza m'kamwa, pakhungu ndi m'zikhadabo. Koma IL-17 yemweyo ndi amene ali pakati penipeni pa psoriasis, akachuluka zigamba zimabuka. Ndiye mankhwala obaya ngati secukinumab ndi ixekizumab amamutseka pakamwa, khungu limayera bwinobwino, koma ena mwa odwalawo amayamba tizigamba toyera m'kamwa, Candida uja wapeza mpata poti mlonda wagona. Apa mpomwe zinthu zinalumikizana m'mutu mwanga, zomwe ndinkaloweza padera padera zija kumene ndi nkhani imodzi.

Pa zikhadabo ndiye ndinalakwa funso loyeserera, ndisabise. Chithunzi chinali cha chikhadabo chokhuthala, chachikasu, chikunyenyeka kumapeto, ine n'kuyankha molimba mtima kuti fangasi. Yankho linali psoriasis. Ziwirizi zimafanana koopsa ndipo zimatha kukhala pa chala chimodzi nthawi imodzi, n'chifukwa chake amapala pang'ono, kuthira mankhwala otchedwa KOH amene amathandiza kuti fangasi aoneke, n'kuyang'ana pa maikulosikopu asanalembe mankhwala. Ukangopaka steroid pa chipere, chomwe chimayambitsidwa ndi fangasi, poganiza kuti ndi psoriasis, kuyabwa kumachepa kaye koma fangasi amafalikira mobisa, mphete yake ija osaonekanso.

Mawa ndikubwereza gawo la m'mutu, lija mfundu ndi psoriasis zimasakanikirana mpaka anangolipatsa dzina loti sebopsoriasis. Zithunzi zake ndikumazisokonezabe.