Filimu ya ngalande: tafika podula ndi kulumikiza

Kujambula kwatha, ndipo tsopano talowa gawo limene anthu ambiri saliganizira akamva zopanga filimu, ndilo kudula ndi kulumikiza zomwe tajambula. Kwa inu amene mukuwerenga koyamba, ine ndimangokonda kamera, si ntchito yanga yolembedwa. Masiku opuma ndimathandiza kagulu ka anthu a dera lina kujambula okha nkhani yawo. Mutu anasankha eni ake: ngalande yomwe inatsekeka, moti mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba. Zida zathu ndi mafoni awiri, kamaikolofoni kokoloweka pa malaya ndi mahedifoni. Kamera sindiigwira ine, amagwira ndi iwo.

Za kajambulidwe sindinena zambiri, kupatula za mawu. Chithunzi chikagwedera pang'ono oonera amakhululuka, koma mawu akamveka mosokonekera amadzuka n'kumapita. Ndiye tinagwirizana kuti maikolofoni izikhala pachifuwa, chikhato chimodzi kuchokera pachibwano, itavala kasiponji kake kotchinga mphepo, ndipo wojambula asavule mahedifoni mpaka wolankhula atamaliza. Pamalo aliponse tinkajambulanso phokoso la pamalopo popanda wolankhula kwa theka la mphindi. Panopa ndi limene likutithandiza kubisa pamene tadula.

Tisanayatse kompyuta tinayamba ndi mapepala. Kachidutswa kalikonse ka vidiyo kanalembedwa pa kapepala kake: ndani akulankhula, akunena chiyani, n'kotalika bwanji. Mapepalawo tinawayala pansi, anthu n'kumawasuntha, kukangana, kubwezera pomwe anali. Ubwino wake ndi wakuti amene sanagwirepo kompyuta nayenso ali ndi dzanja pa filimuyo. Ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ili pamenepa. Mutha kupatsa anthu kamera mwezi wathunthu, koma ngati mutenga zonse n'kukadula nokha kunyumba, nkhaniyo yasanduka yanu.

Mkangano waukulu unabuka pa zomwe analankhula gogo wina. Anafotokoza momwe ananyamulira matilesi usiku madzi atafika m'maondo, kenako anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya mpango wawo. Anyamata amafuna kudula pamenepo, akuti oonera atopa. Mayi wina anatsekereza kapepalako ndi dzanja: "Ana inu, musadule apa. Anthu amvera pomwepa, osati pa mawu aja." Anakambirana mpaka anavomerezana kusiya chetecho chonse. Ine ndinali mbali ya mayiwo, koma ndinangokhala duu, poti si filimu yanga.

Njira imeneyi sinayambe lero. Mu 1967 Colin Low wa ku National Film Board of Canada, bungwe la boma la Canada lopanga mafilimu, mogwirizana ndi Don Snowden wa ku Memorial University, anakajambula asodzi a pa chilumba cha Fogo ku Newfoundland, m'dziko la Canada. Nthawi imeneyo boma linkasamutsa anthu a m'midzi yakutali ya asodzi kuwapititsa m'madera akuluakulu. Low sanapange filimu imodzi yaitali yodukizadukiza maganizo a uyu ndi uyo. Anapanga timafilimu tatifupi tambiri, kalikonse ka munthu mmodzi kapena chochitika chimodzi, kuti wolankhula amveke yense. Timafilimuto tinaonetsedwa m'midzi ya pachilumbapo, ndipo anthu amene sankayenderana kwenikweni anazindikira kuti mavuto awo ndi amodzi. Akuluakulu a boma nawonso anaonera, mayankho awo anajambulidwa n'kubwerera kwa asodziwo. Anthu a ku Fogo sanasamuke, anakhazikitsa kopaletivi yawo ya usodzi. Komabe ena amaikometsa nkhaniyi mopyola, ngati kuti kamera ndiyo inapulumutsa chilumba. Anthuwo anali atayamba kale kukumana ndi kukonza zawo, filimu inangowathandiza kumvana.

Ku Fogo kamera inali m'manja mwa akatswiri. Amene ananditsimikizira kuti eni nkhani atha kuigwira okha ndi amayi a Video SEWA, gulu lojambula mavidiyo la bungwe la amayi odzilemba okha ntchito, ku Ahmedabad, m'dziko la India, omwe anayamba mu 1984. Ena mwa iwo anali ogulitsa pamsika osadziwa kulemba ndi kuwerenga, koma anaphunzira kujambula ndi kupanga mavidiyo onena za ntchito zawo.

Potengera za ku Fogo, gulu lathu laganiza zotulutsa mafilimu awiri. Ina yaitali, yoonera anthu a m'deralo, momwe aliyense azilankhula mpaka kumaliza. Ina yosapitirira mphindi zisanu, yokaonetsa kwa amene amayang'anira ngalandezi, chifukwa anthu a m'maofesi sakhala pansi ola lathunthu.

Nkhani ina yomwe yatidyera nthawi ndi ya chilolezo. Bambo wina pojambulidwa anatchula dzina la mnansi wake amene amati amataya zinyalala m'ngalande. Atadziona pa sikirini anagwira pakamwa, n'kupempha kuti pachotsedwe. Pachotsedwa, ngakhale kuti panali pokoka chidwi. Munthu kuvomera tsiku lojambula sikokwanira, popeza amakhala asanadzione. Ndiye aliyense woonekera mufilimuyi aionera kaye isanatuluke, ndipo tizimufunsa padera ngati akulola kuti ikaikidwe pa intaneti. Kuonetsa anansi ako m'holo ndi kuika pa Facebook ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zikafika pa intaneti kuzibweza n'kovuta.

Podula tikugwiritsa ntchito Shotcut, pulogalamu yaulere, pa laputopu yakale yomwe talumikiza ku TV yaikulu kuti aliyense aziona pamene mpeni ukudutsa. Laputopuyo imajema ndi mavidiyo olemera, choncho tikudulira pa makope opepuka, pomaliza pulogalamuyo idzatenga enieniwo. Zonse tazisunga pa mahadi disiki awiri omwe sakhala nyumba imodzi.

Zatsala ndi kulinganiza mawu kuti wina asamveke mokuwa wina monong'ona, kulemba mawu apansi kuti osamva nawonso atsate, ndi kuonetsa anthu a m'deralo. Mtsikana amene wakhala akuyang'anira mawu wadzipereka kudzajambula yankho la akuluakulu oyang'anira ngalande aja, ngati alola, ndipo sabata ino gulu likulemba mafunso oti akawafunse.