Gasi wa K45,000 amene tinapuma banja lonse

Firiji yathu inasankha kudwala mu Okutobala, nthawi imene ku Blantyre kuno ngakhale galu amachita ulesi kuuwa masana. Sinafe kamodzin'kamodzi ayi. Nyali ya mkati inkayaka bwinobwino, koma kumbuyo kunkangomveka kung'ung'udza pang'ono, kenako "thi!", zii. Pakapita mphindi zingapo kung'ung'udzanso, "thi!", zii. Pofika m'mawa mafilizesi onse a malambe anali atabwerera kukhala madzi.

Pa risiti firijiyi ndi yanga, koma imagwirira ntchito mayi a kunyumba. Mafilizesi ndi thobwa lozizira zimene amagulitsa pa geti la sukulu ndi zimene zimatigulira ndiwo mwezi ukafika pa 20, malipiro anga atauluka kalekale. Ndiye atandiuza kuti, "Bambo a ana, dzuwa lisalowe mmisiri asanabwere," sindinayankhe zambiri. Ndinakumbuka kachikwangwani kokhomedwa pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji, kolembedwa kuti mafiriji, ma TV, mbaula ndi zitsulo zositira. Ndinaimba.

Anafika pa kabaza atavala ovolosi ya buluu, chikwama cha zitsulo paphewa, botolo la gasi pamiyendo. Munthu woonekeratu kuti ntchito amaidziwa. Asanaponde pakhonde anati, "Bwana, yoonera ndi K10,000."

"Kuona ndi maso anu omwewa?"

"Maso ndi aulere, bwana. Mukulipira kabaza ndi nthawi."

Imeneyo sindinalimbane nayo, ndipo mpaka lero ndimaiona kuti ndi yachilungamo. Petulo sagulidwa ndi moni, ndipo munthu sangachoke komwe ali n'kudzangoyang'ana firiji ya eni ake n'kubwerera chimanjamanja.

Anaika khutu pa chitseko. Anagogoda m'mbali. Anadikira mpaka "thi!" uja amveke, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Gasi watha."

"Amatha bwanji?"

"Mwakhala nayo zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Eee! Ndiye yayesetsatu. Ena satha ndi zinayi zomwe."

Ndinamva kunyada pang'ono kuti firiji yanga inapirira kuposa za anthu ena. Mtengo wa gasi anati K45,000. Nditatsegula pakamwa ananditsekera ndi mawu amodzi: "Dola." Apa n'zovuta kutsutsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo gasi wa firiji, makompulesa (injini za firiji) ndi tizipangizo tina tonse timachokera kunja, kaya ku South Africa, ku Dubai kapena ku China. Vuto n'lakuti dola yemweyo anasanduka chobisalira cha aliyense. Ngakhale wogulitsa mpiru wa ku dimba la kuseri kwa nyumba yake amakuuza za dola.

Kenaka anatitulutsa tonse. "Gasi ameneyu ndi woopsa. Ana akhale kutali." Tinaima pabwalo, ine, mayi, ana ndi anansi awiri amene anabwera kudzathandiza kuimirira. M'khitchini munamveka "psssss" wautali. Kugogoda. "Psssss" wina. Patatha pafupifupi ola anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kulumikiza pulagi. Firiji inalira bwinobwino, mosadukiza. Anansi anaomba m'manja. Ine chimwemwe chitandikwera ndinawerenga ma K5,000 asanu ndi anayi, n'kuwonjezerapo K2,000 ya Fanta. Munthu wakhetsa thukuta chonchi, ungamusiye ndi ludzu?

Madzulo tikudya nsima tinangomva "thi!" Palibe anayang'ana mnzake. Foni ya mmisiri inayankhidwa ndi mayi uja wa mawu okoma amene amati nambala imene mwaimbayi sikupezeka pakadali pano.

Alamu anga, amene amadziwa munthu pa nkhani iliyonse, anati ku msika kuli mdala wina katswiri, koma sayenda m'makomo. Tinachita hayala kapikapu. Firiji inakana kuima chifukwa cha mabampu a msewu wathu, ndiye anyamata anaigoneka chammbali, ine n'kukhala pamwamba pake kuti isagwe, njira yonse ndikupereka moni kwa anthu amene sindinkafuna kuti andione.

Mdala uja sanachedwe. "Kompulesa yapsa. Ndili nayo ina ya ku Joni, yogwirapo ntchito pang'ono. K200,000." Nditangoti kakasi, anafewetsa mawu. "Kapena musavutike, achimwene. Isiyeni pompano ngati sikirapu, ndikupatseni K30,000 mukayambire." Polankhula ankasisita chitseko cha firiji ndi chikondi chimene sindinaonepo munthu akuonetsa sikirapu. Ndinati ndikaganize. Nditapita kukaitenga m'mawa mwake anandilipiritsa K3,000 yogonera. Firiji yanga inagona pa lendi. Kapikapu nako sikanabwerere ulere.

Mayi anandilandira osalankhula kanthu, zimene n'zoopsa kuposa kukalipa. Kenaka anati mnzawo wa ku Mvano ali ndi mwana wamkazi amene anaphunzira zamafiriji ku sukulu ya zaumisiri, ali ndi pepala la TEVETA. Ndinati amuna awiri akuluakulu alephera, ndiye kamtsikana? Anandiyang'ana. Ndinati abwere.

Mtsikanayo atamva pa foni kuti firiji inayenda chogona, anati tisaiyatse, iime chilili mpaka mawa, chifukwa mafuta a mu kompulesa amakhala atalowa m'mapaipi ndipo ayenera kutsikanso. Anabwera alibe ovolosi, alibe botolo la gasi. Kachikwama kakang'ono basi, muli sikuludiraiva, pulayala ndi kamita ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Mtima wanga unatsika.

Anagwada kumbuyo kwa firiji, n'kuchotsa kachivindikiro ka pulasitiki m'mbali mwa kompulesa. Anagusa tizitsulo titatu ndi mawaya a mita yake, akuwerenga manambala.

"Ankolo, kompulesa yanu ili moyo."

Anazula kanthu kakuda kokwana m'chikhatho, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu langa. Mkati munkalira ngati njere zouma m'chitheba cha nandolo.

"Iyi ndi relay. Ndi imene imathandiza kompulesa kudzuka. Yasweka mkati. Kompulesa ikayesa kudzuka n'kulephera imatentha, ndiye kachitetezo aka kamadula moto kuti isapse. 'Thi!' amene mumamva uja ndi kameneka."

Anafotokoza kuti zimenezi zimachitika kawirikawiri magetsi akamathimathima. Akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, kompulesa imakakamizika kudzuka gasi asanakhazikike m'mapaipi. Ndinamufunsa chifukwa chimene inalirira bwino tsiku lija. Anati inali itapuma ola lathunthu pulagi ili pansi, inazizira, ndiye inachita mwayi kudzuka kamodzi.

"Nanga gasi watsopano uja sanathandizeko?"

"Gasi uti, ankolo?"

Ndinamufotokozera. Anandiuza kuti gasi wa firiji satha ngati wophikira. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka, nthawi zambiri chifukwa chogoba ayezi ndi mpeni. Wodzaza gasi osatseka pobookapo akukuberani. Kenaka anaunika ndi tochi ya foni n'kundiitana kuti ndigwade.

"Mukuona kapaipi kakafupi aka? Gasi amalowera apa. Kuti munthu adzaze amayenera kukaboola kapena kuwotchererapo valavu. Aka n'kotsekeka mmene kanachokera ku fakitale. Ngakhale penti sinakandike."

"Ndiye gasi uja analowa kuti?"

Anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana zenera.

Mwana wanga wamng'ono, amene ankamvetsera pakhomo, anafuula kuti, "Amayi! Gasi uja tinapuma!"

Mtsikanayo anayesetsa kubisa kuseka. Anandionetsa kapepala komatidwa pa kompulesa kolembedwa R600a, n'kunena kuti gasi wa mtundu umenewu amayaka moto, ndipo sasakanizidwa ndi R134a wa mafiriji akale. Kaya m'botolo la mkulu uja munali chiyani, tinachita mwayi kuti sanalowetse, komanso kuti mbaula inali panja.

Anakwera minibasi kupita ku Limbe, n'kubwera ndi relay yatsopano pamodzi ndi risiti ya K9,000. Kuika kwake sikunatenge nthawi yoti madzi a tiyi awire. Firiji inalira. Tinadikira "thi!" koma sanabwere. Anadikira nafe mpaka mufiriza mutayamba kuchita chifunga choyera.

"Ntchito ndi K25,000, ankolo."

Apa ndi pomwe ndinadzuka. Munthu amene ndinagona pamene ankandidyera K47,000, ndinagalamuka ndi mphamvu zonse pamaso pa amene wandichiritsira firiji.

"Mwanawe, K25,000? Kuzula kanthu n'kulowetsa kanzake? Thukuta silinatuluke n'komwe! Kodi dzanja lakonso limachokera ku Dubai?"

"Ayi, ankolo. Koma mita iyi inachokera kumeneko."

"Ine ndikanadziwa kuti ndi kameneka ndikanasintha ndekha."

"Zoona. Mukanadziwa."

Ndinayesa njira ina. Ndinatchula za fizi, za mayunitsi a magetsi, za lendi. Ndinatchulanso kuti mayi ake ndi akazi anga amapemphera limodzi. Iye anangofunsa modekha kuti, "Aja anauzira gasi m'mwamba munawapatsa zingati?"

Ndisanayankhe, mawu anachokera kuchipinda: "47,000! Kuphatikiza ya Fanta! Yoonera payokha!"

Chimene chinandipweteka n'chakuti ndinkamvabe kuti mkulu wa ovolosi uja anagwira ntchito. Ndinamva phokoso, ndinaona thukuta, anatitulutsa panja. Ndalama yanga inaona kumene ikupita. Koma uyu anabwera mwakachetechete, kukonza mwakachetechete, ndipo mtima unkati ndikuberedwa. Nzeru zake sizinkalira "psssss".

Mtsikanayo anatulutsa kabuku, n'kulemba chimene chinawonongeka, chimene wasintha, mtengo wa chipangizo payekha ndi wa ntchito payekha. Pansi analemba kuti ikavutanso pa chifukwa chomwecho miyezi itatu isanathe adzabwera ulere. Relay yakufayo anandipatsa m'manja kuti ndisunge. Analangizanso kuti tigule fridge guard, kabokosi kapasoketi kamene kamachedwetsa moto kwa mphindi zingapo magetsi akabwera.

Ndinalimbabe mpaka tinagwirizana K23,000. Ndinatuluka pakhonde ndikuyenda monyang'wa, munthu woti wapulumutsa chuma cha banja. Madzulo ake ndi pomwe mwana wanga yemwe uja anandiululira kuti amayi anaperekeza mtsikanayo kuseri kwa nyumba n'kumupatsira K5,000 pa Airtel Money, ndi botolo la thobwa pamwamba. Ndalamayo anaidula pa ya minibasi yanga ya sabata imeneyo.

Mkulu wa ovolosi ndinadzakumana naye pa maliro ku Chilomoni, malo oti munthu sungakweze mawu. Anandizindikira iye poyamba. Anasuntha pa benchi, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunong'ona:

"Bwana! Foni ija inabedwa. Firiji ikuyenda bwanji?"

Abusa anali pakati pa pemphero. Ndinanong'ona kuti, "Ikuyenda."

Anagwedeza mutu mokhutira. "Ndinakuuzani. Gasi wanga ndi orijino. Muziwauzako anzanu."