Power supply ya m'jumbo

Lachitatu usiku. Nsima ndangodya theka, ina ili pambale pomwepo.

"Amisiri, tangonenani ngati mukufuna kutidyera." Wandiuza zimenezi ndi mnyamata wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, pamaso pa bambo ake, m'shopu mwanga momwe. Ndatseka shopu, ndakwera minibasi, ndasamba, koma mawuwa akukanika kutsika.

Anabwera ndi makatoni pa galimoto ya hayala. Mnyamatayo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo zipangizo wakhala akugula komweko pang'onopang'ono, mwezi uno ichi, mwezi wina icho, kuti abambo ake amene anapuma pa ntchito akhale ndi kompyuta yowulutsira ndege mu VR, muja munthu amavala headset kumaso n'kumaona ngati ali m'ndegemo. Nditayamba kutsegula makatoniwo mtima unadumpha. Processor ya Ryzen 7 7800X3D. Khadi la zithunzi la RTX 4090. RAM ya DDR5-6000, ziwiri. Headset ya Quest 3. Pabenchi langa nthawi zambiri pamakhala malaputopu othyoka mahinji ndi mapulinta a kusukulu, katundu wotere safika kawirikawiri. Ndinamuyamikira ndithu, makamaka pa processor, chifukwa anyamata ambiri amathamangira imene ili ndi ma core ochuluka pamene masewera owulutsa ndege amakondwa kwambiri ndi cache (memori yothamanga ya m'kati mwa processor) ya 96MB imene ili mu 7800X3D. Anali atawerenga, anali atafunsa. Ndinaona nkhope yake ikuwala.

Kenako anatulutsa jumbo yakuda. M'katimo munali power supply, bokosi logawa magetsi m'kompyuta, yopanda katoni, yopanda kabuku, dzina lake sindinalimvepo chiyambire ntchito imeneyi. Nditainyamula inali yopepuka ngati mulibe kanthu. Pambali panali sitika yolembedwa 850W ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndinati, "Achimwene, iyi sindiika."

Anaseka kaye. Anati a Nvidia eniake, opanga khadilo, amanena kuti 4090 imafuna 850W, ndipo iyi ndi 850W, vuto lili pati? Pa nambala ya Nvidia sananame, ndi yomweyo. Ndinatembenuza bokosilo n'kumulozera timalemba tating'ono tam'munsi. Pa mzere wa 12V panalembedwa 45A. Ndinamupatsa foni kuti achulukitse yekha, 12 ndi 45, inatuluka 540. Khadi ndi processor zimakoka pafupifupi mphamvu zawo zonse pa 12V. Nambala yaikulu ija anaipeza pophatikiza ndi mizere ya 5V ndi 3.3V imene khadi siliyidalira. Khadilo palokha ndi 450W, processor inalembedwa 120W, tisanawerenge mafani, pampu ndi zina. Ndiye 540 yomweyo n'kukhulupirira kuti sitikayo ikunena zoona.

Sindinalekere pomwepo, mwina ndi pamene anayamba kutopa nane. Makadi amenewa sakoka mphamvu mofanana nthawi zonse. Amatha kudzuka mwadzidzidzi n'kukoka zochuluka kwa kanthawi kochepetsetsa koti diso silingaone, ndipo n'chifukwa chake muyezo wa ATX 3.0 umene unatuluka mu 2022 umafuna kuti power supply ipirire kuwirikiza kawiri mphamvu yake pa kanthawi kotero. Yabwino imapirira, kapena imazima mwaulemu kuti iteteze zina zonse. Yachabechabe ikafa simafa yokha. Ndaonapo ma motherboard akuda bii pakona chifukwa cha bokosi ngati limeneli.

Zingwe nazo. 4090 imalowa chingwe cha mapini 16, chimene amati 12VHPWR. Ngati power supply ilibe chingwe chimenechi, umagwiritsa adaputa imene imafuna zingwe zitatu kapena zinayi za 8-pin, chilichonse choyezedwa 150W. Ya m'jumboyo inali ndi waya mmodzi wokhala ndi mitu iwiri. Mnyamatayo anati tigule ma splitter, timawaya togawa mutu umodzi pawiri, ku Limbe. Ndinamukumbutsa zimene zinachitika kumapeto kwa 2022, khadili litangotuluka, pamene anthu anayamba kuonetsa zithunzi za mapulagi osungunuka. Nvidia inanena kuti inapeza malipoti pafupifupi 50 ndipo kwambiri chinkachititsa n'chakuti pulagi sinalowe mpaka kumapeto. Amenewo anali anthu okhala ndi ma power supply abwino, kungolakwitsa kakankhidwe. Pambuyo pake pulagiyo anaikonzanso n'kuitcha 12V-2x6, anafupikitsa timapini tina kuti ikapanda kulowa bwino khadi lisakoke mphamvu yonse. Ife ndiye tiwonjezerepo ma splitter a pamsika?

Nthawi yonseyi bambo aja anali chete pa benchi la makasitomala, headset ili pamiyendo, akuisisita ndi chala. Ndi munthu waulemu wake, malaya opisira, nsapato zopolisha. Pamene mwana wawo anatuluka kukayankha foni anandiuza kuti anakulira ku Chileka, ndipo ali mwana ankathawa kubusa mbuzi kukaima kumpanda kuonerera ndege zikutera. Sukulu ya upayiloti inali nkhani yosayamba n'komwe kwa mwana wa m'mudzi nthawi imeneyo. Atapita kukacheza ku Johannesburg mnzake wa mwana wawo anawaveka headset, anawaika mu Cessna ya mu Microsoft Flight Simulator, anawaimika pa bwalo la Chileka. Anati atanyamuka anazindikira Michiru, anazindikira Ndirande, anakhotera ku Mulanje n'kukwera mpaka kuona Sapitwa pansi pa phiko. "Mwananga, ndinalira. Mwana wangayu anandiona ndikulira, ndiye zonsezi zachokera pamenepo."

Ndikulemba pano ndipo ndikuona kuti chimene chikundiwawa kwambiri si mawu a mnyamata aja okha. N'chakuti ine ndi iye tikufuna chinthu chimodzi. Ndikufuna bambowa auluke bwino.

Ndipo kuuluka bwino mu VR si nkhani yofanana ndi kusewera pa sikirini. Pa sikirini chithunzi chikachedwa umangodandaula n'kupitiriza. Mu headset thupi limalowererapo. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timauza ubongo kuti mutu watembenuka, ndipo maso akachedwa kuvomereza, munthu amayamba thukuta, chizungulire, nseru. Headset ikamayenda pa 90Hz, kutanthauza zithunzi 90 pa sekondi, kompyuta imakhala ndi ma millisecond 11 okha kuti imalize chithunzi cha maso onse awiri. Quest 3 ili ndi ma pixel 2064 kwa 2208 diso lililonse, onse pamodzi kupitirira 9 miliyoni, kuposa TV ya 4K, ndiponso kompyuta imajambula chokulirapo kuposa pamenepo chifukwa magalasi a m'katimo amapinda chithunzi. Ikalephera kufika pa nthawi, pulogalamu imatsika pa 45 n'kumapeka zithunzi za pakati. Zimathandiza, koma mu ndege umaona pulopela ikugwedera ngati ili m'madzi. Mu 2016, pamene ma headset a Oculus Rift ndi HTC Vive anatuluka, khadi la GTX 970 linkakwanira chifukwa diso lililonse linali 1080 kwa 1200 basi. Lero Flight Simulator mu VR imatopetsa ngakhale 4090. Khadilo lizigwira ntchito pafupi ndi mapeto a mphamvu zake ulendo wonse, ola lathunthu kapena awiri, osati kungodzuka apa ndi apo. Amenewo ndiye moyo umene power supply ya m'jumboyo ikuyembekezeka kukhala.

Zonsezi ndinayesa kunena mnyamatayo atabwerera. Ndinati kuika bokosi limeneli pansi pa khadi limeneli kuli ngati kugula galimoto yatsopano n'kumaithira mafuta a m'zigubu osakaniza ndi palafini. Anafunsa kuti yabwino ndi ndalama zingati. Ndinamuuza kuti kunja imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa khadilo, limene linatuluka pa madola 1,599, koma kuno ikafika imakwera, aliyense akudziwa mmene zinthu zoitanitsa zilili chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinati ndikhoza kumuitanitsira, kapena agule yekha akabwerera ku Joni atumize pa basi, ine ndidikira. Mawu akuti "ndikhoza kukuitanitsirani" ndi amene anamva. Enawo sanawamve. Pamenepo ndi pamene anayankhula zija.

Shopu inangoti zii. Mnyamata wanga wophunzira ntchito anaweramira pa laputopu imene anali atamaliza kale.

Sindinakalipe. Ndinamuuza kuti ndalama ya ntchito yanga ndi yomweyo kaya power supply agula kwa ine kaya kwa wina, ndipo ngati akufuna apite nazo kwa mmisiri wina, alipo ambiri m'tauni muno amene amanga lero lomwe osafunsa funso. Koma dzanja langa silikankha pulagi imeneyo. Bambo aja anati, "Iwe, amisiriwa akulankhula ndi iwe mwaulemu." Anangonena zomwezo. Mnyamatayo anayang'ana pansi koma sanabweze mawu ake.

Pa minibasi ndimaganiza za mafani. M'makatoni muja muli mafani a magetsi amitundumitundu okwana kuzungulira kesi yonse, ndi cooler ya madzi yokhala ndi kasikirini pamwamba. Ndalama imene inapita pamenepo ikanagula power supply yabwino n'kutsalako. 7800X3D sifuna zonsezo, cooler yabwino ya mphepo imaikwanira. Ndipo munthu amene wavala headset saona nyali ngakhale imodzi. Koma ndikumumvetsa. Akufuna kuti abambo ake akalowa m'chipinda aone chinthu chowala, anzawo a kutchalitchi akabwera aone zimene mwana wawo wachita. Power supply imakhala pansi, kuseri kwa chitsulo, palibe amene amaijambula. Ndikuganizanso kuti ndalama zinamuthera kumapeto, tsiku la basi litayandikira, wina pamsika anamuonetsa sitika ya 850W pa mtengo wotsika, iye n'kupuma kuti zatheka. Ndiye kufika kuno mmisiri wa m'kashopu akumuuza pamaso pa bambo ake kuti sizinatheke. Zimapweteka, ndikudziwa.

Komabe kundinena kuti ndikufuna kuwadyera. Ntchito imeneyi ilibe china chimene munthu umasunga koma dzina. Anthu amandisiyira malaputopu muli zithunzi za ana awo, muli mafayilo a ofesi, amapita osatenga ndi lisiti lomwe. Ndikanakhala wofuna kudya ndikanamanga mwakachetechete, kompyuta ikanayaka, Windows ikanalowa, mwinanso sabata yoyamba ikanadutsa bwino. Tsiku limene ikanazima bambo ali m'mwamba pa Mulanje, mnyamatayo ali ku Joni, akanabwera nayo kwa ndani? Ndipo ndikanawauza chiyani, kuti khadi la ndalama zonsezo lapsa ndipo kalata ya chitsimikizo ili ku dziko lina?

Za UPS, bokosi la batire loti kompyuta isazime magetsi akazima, sindinayambe n'komwe. Kwathu kuno magetsi akamabwerera atazima sabwera mofatsa, ndipo kompyuta yotere imafuna UPS ya pure sine wave, ya 1500VA kapena kuposa, chifukwa zotchipa zija zimakangana ndi ma power supply amakono. Ndinaona kuti ndikatchula zimenezo lero ndiye nditsimikizira zimene akundiganizira. Intaneti nayo, poti Flight Simulator imakoka mapu a dziko pa intaneti pamene ukuuluka, ndipo Michiru amene bambo anaona ku Johannesburg anadza pa intaneti yothamanga ya fibre. Ndi bandulo ya pafoni phirilo likhoza kuoneka losalala, lopanda zigwa zake. Imeneyonso ndi nkhani imene wina ayenera kuwauza asanakhumudwe.

Mayi a kunyumba andifunsa kuti bwanji sindikudya. Ndawafotokozera, ati, "Ndiye mukudandaula chiyani, poti makatoni asiya kwa inu?" N'zoona, asiya. Bambo aja ndi amene analamula kuti asiye. Jumbo yokha ndi imene mnyamatayo ananyamula, sananene ngati akukabweza kapena akukafunsa kwina. Akuti abwerera ku Joni Lamlungu.

Ndisanatseke ndinaika processor mu socket, chifukwa zimenezo sizidikira power supply. Pa socket ya AM5 imeneyi mapini 1,718 ali pa motherboard, opyapyala ngati tsitsi, ndipo ndimakonda kuchita ntchitoyo shopu ikakhala chete. RAM ndalowetsa pa mipata yachiwiri ndi yachinayi. Ndiyenera kukumbukira kuchenjeza mnyamata wanga kuti tsiku loyatsa koyamba sikirini ikhala yakuda kwa mphindi zingapo pamene DDR5 ikudziyeza, asathamangire kuzimitsa.

Kenako ndinatenga tepi kuyeza kesi. M'litali khadi likwana. M'lifupi ndi mmene muli nkhani. Chingwe cha mapini 16 chimafuna kutuluka chowongoka masentimita atatu ndi theka chisanapindike, apo ayi mapini amakhala mopendekeka n'kuyamba kutentha. Kuchokera pa khadi kufika pa galasi la pambali ndapeza awiri okha. Ndiye kuti pafunika chingwe chokhota cha fakitale yomweyo ya power supply, kapena kesi ina, ndipo kesiyo ndi imene mnyamatayo anaisankha ndi mtima wake wonse. Nambala ya bambo ndili nayo, ya mwana wawo ndilinso nayo, ndipo sindinasankhe kuti mawa ndiyambe kuimbira ndani.