Mabawuti a Land Rover ya malume tawapatsa maina

Patha miyezi itatu chiyambireni kukonza Land Rover yakale ya asilikali imene malume anga anagula pa okushoni, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno ku Salima chinachititsa dzimbiri mabawuti ake kwambiri moti ena tawapatsa maina ngati anthu. Bawuti yogwira sipuling'i ya kumbuyo timaitchula kuti Nkhutukumve, chifukwa tinaithira palafini sabata yathunthu, kenako tinaiwotcha ndi moto wa gasi mpaka kufiira, koma sinasunthe ngakhale pang'ono. Nati ya pa ekizozi ndiye Apongozi, popeza aliyense amaiyandikira mwaulemu ndipo palibe amene walimba mtima kuimenya ndi hamala.

Chimene chatichedwetsa kwambiri n'chakuti galimoto zakale za ku Britain zimenezi zili ndi mabawuti a muyeso wa mainchesi, ena a mtundu wa Whitworth, choncho masipanala athu a mamilimita amangoterereka n'kumadya mutu wa bawuti, ife zala zili magazi okhaokha.

Dzulo madzulo Nkhutukumve waduka pakati, theka latsalira m'kati mwa chitsulo, ndipo mnyamata amene amatithandiza walitcha kale dzina lakuti Ndafera Pano.